Pulogalamu yoyeretsa kompyuta inandiimitsira shopu nthawi ya mayeso

Ndili ndi kashopu kotayipa, kusindikiza ndi kupanga fotokope pafupi ndi msika wa pa boma pa Mangochi. Ntchito yonse imadutsa pa laputopu imodzi: makalata ofunsira ntchito, ma CV, makadi a ukwati ndi a chinkhoswe, ndipo kumapeto kwa teremu iliyonse mayeso a masukulu angapo omwe alibe makina awoawo. Laputopuyo ndinagula kwa mnyamata wina atangobwera kuchokera ku Johannesburg. Inabwera ndi Windows 10, Office ili kale m'kati, ndi chaja, basi. Panalibe CD, panalibe fulashi, ngakhale kapepala ka nambala ya Office. Poti zonse zinkagwira, sindinafunse.

Vuto lake linali malo. SSD yake, disiki yosungiramo zinthu zonse za m'kompyuta, inali ya 128 GB, ndipo pofika November 2023 kamzere kosonyeza malo pa C: kanali katafiira, monga kamachitira malo otsala akachepera pa 10 peresenti. Windows inkadandaula kuti ilibe poika ma update. Ndinali nditasunga kandalama kogulira SSD yokulirapo, koma mwezi womwewo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anandilonjeza kundibweretsera kuchokera ku Blantyre anandiimbira kuti mtengo tinagwirizana uja tiuiwale. Ndinati ndidikire kaye mayeso adutse.

Mwana wa mchemwali wanga, amene amandithandiza pa fotokope akaweruka kusukulu, ndiye anabwera ndi nzeru. "Amalume, musataye ndalama. M'menemo mwangodzaza zinyalala. Pali pulogalamu imachotsa zonsezo ulele." Anaibweretsa pa fulashi. Dzina lake sinditchula, poti zilipo zambirimbiri ndipo zonse zimalonjeza chimodzimodzi: kompyuta yopepuka, malo ochuluka, kungodina kamodzi.

Tinaiyatsa Loweruka madzulo titatseka, pirinta ndi makina a fotokope titazimitsa kale. Inazungulira kwa mphindi zochepa n'kutulutsa nambala yofiira yaikulu, 19 GB. Pansi pake panali mndandanda wautali, timabokosi tonse titachongedwa kale. Zina ndinazimva, monga mafayilo osakhalitsa a pa intaneti ndi za mu Recycle Bin. Zina sindinazimve: ma restore point, mafayilo a installer omwe inkati alibe mwini, ma driver akale, zolakwika za mu registry zosawerengeka, ndi mafayilo omwe inkati alipo awiriawiri. Mtima unakhala m'malo nditaona kuti pulogalamuyo yasankhiratu yokha, ndimvekere amene anaipanga akudziwa kuposa ine. Ndinadina.

Kamzere kaja kanasanduka kabuluu, ndipo chimwemwe chake chinandipatsa dyera. Ndinalowa pa mndandanda wa mapulogalamu n'kupeza dzina limodzi litabwerezedwa mizere yambiri: Microsoft Visual C++ Redistributable, ya 2010, ya 2012, ya 2013, ya 2015, ina x86 ina x64. Ndinati zakalezi zikugwiranso ntchito yanji pomwe yatsopano ilipo? Ndinachotsa zonse n'kusiya ya kumapeto. Pomaliza ndinakhuthula foda ya Downloads, chifukwa chilichonse chomwe kasitomala wanditumizira ndimachikopera mu foda yake mu Documents.

Kompyuta sinaonetse chizindikiro chilichonse usiku umenewo, ngakhale Lolemba lotsatira. Inayaka msanga, inasindikiza bwinobwino, mnyamata wa mchemwali wanga uja n'kumayenda mapewa m'mwamba. Ndinafika pouza mnzanga wa shopu ina kuti nayenso aikemo. Mwayi wake anachita ulesi. Mukayeretsa kompyuta lero n'kuona kuti mawa yayaka, musati zayenda. Zambiri mwa zimene pulogalamu yotere imachotsa sizifunika poyatsa kompyuta. Zimadzafunika tsiku lomwe china chake chavuta.

Choyamba kugwa chinali sikana. Mayi wina anabwera ndi chiphaso choti ndimujambulire, nditsegule pulogalamu yake, kunangotuluka uthenga woti MSVCR120.dll palibe. Ndinamubweza ndi mawu oti makina akuvuta pang'ono. Masana ake magetsi anathima, ndinanyamula laputopu kukatchaja kwa mnzanga wa sola, ndipo pobwera ndinasomeka waya wa pirinta pa bowo lina la USB. Windows inaitenga ngati pirinta yachilendo, n'kuyamba kufunafuna driver wake, kapulogalamu koyendetsa pirintayo, osamupeza. Lachitatu ndikutsegula pepala la masamu la Fomu 2, kunatuluka kabokosi ka Windows Installer konena kuti ikukonza Office, kenako n'kupempha fayilo yomwe sindinaimvepo. Ndikakana, Word inkatseka. Ndinayesa Repair, inakana. Ndinayesa kuichotseratu Office yonse, inakananso, ndipo pena pake panaoneka nambala 1612. Pulogalamu inali itakakamira pakati, yosatseguka, yosakonzeka, yosachotseka.

Mnyamata uja anakumbukira za System Restore, njira yobwezera kompyuta mmene inalili masiku apitawo. Tinatsegula mwachiyembekezo. Munalibe kanthu. Tsiku lililonse lomwe tikanabwererako linali mu ma restore point aja, omwe anapita m'gulu la 19 GB lija. Apa mpamene thukuta linasintha, losakhalanso la kutentha kwa Mangochi. Mnyamatayo anangoti zii, kuyang'ana pansi. Sindinamukalipire, poti chala chomwe chinadina chinali changa.

Mukanandifunsa lero chinthu chimodzi choti musachongeko, ndinganene ma restore point. Ndipo pitani mukaone ngati System Protection, yomwe imapanga ma restore point, ndi yoyatsa n'komwe, chifukwa pa makompyuta ambiri a Windows 10 imakhala yozimitsa mwini wake osadziwa. Dziwaninso kuti imabweza za Windows ndi mapulogalamu okha. Zikalata zanu zofufutika siibweza.

Ndinathamangira kwa mnyamata wina wokonza mafoni mumsika. Anandiuza kuti ndilembe dzina la fayilo yosowayo pa Google ndiitsitse. Ndinapeza masamba ambiri ogawa mafayilo a dll, ndinatsitsa imodzi, Windows Defender n'kuigwira pompo kuti ndi yoopsa. Ndinasiyira pomwepo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti MSVCR120.dll ndi gawo la Visual C++ ya 2013, imodzi mwa zomwe ndinachotsa ndi manja anga, ndipo mankhwala ake anali kungotsitsa yonseyo kwa Microsoft, yaulere komanso yaing'ono. Mapulogalamu amenewa salowana m'malo. Pulogalamu yomwe inapangidwa kudalira ya 2013 imafuna ya 2013 yomweyo, ngakhale ya 2015 ikhalepo, ndipo pulogalamu ya 32-bit imafuna ya x86 ngakhale kompyuta ikhale ya 64-bit. N'chifukwa chake zimaoneka ngati zabwerezedwa.

Lachinayi m'mawa anafika ahedi a sukulu ina ya njira ya ku Namwera, pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu m'nsapato. Mayeso awo ankayamba Lolemba.

"Bambo, mapepala athu aja atheka?"

"Ahedi, pepani, kutayipa ndinamaliza, koma makina andivuta. Mundipatse mpaka mawa madzulo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndalama ija makolo anasonkha movutikira. Ine ndikawauza chiyani aphunzitsi anzanga?"

Ndinalibe yankho. Mafayilo a mayeso analipo onse, koma ndinalibe chotsegulira ngakhale chosindikizira. Ndinawakopera pa fulashi n'kupita kwa mnzanga uja ndinkamuuza kuti ayeretse yake. Anandithandiza, koma pa mtengo wa pa tsamba womwe amalipiritsa aliyense, kungondichotserako pang'ono. Tinasindikiza usiku, atatha makasitomala ake, ine ndi mwana wa mchemwali wanga tikusanja ndi kumenya sitepula mpaka tambala woyamba. Masukulu onse analandira mayeso awo nthawi isanathe. Phindu lonse la teremu imeneyo, lomwe ndimadalira pa lendi ya December ndi January, linatsala pa shopu ya mnzanga.

Mayeso atachoka m'manja ndinakwera minibasi kudzera pa Liwonde kupita ku Zomba, kwa bambo wina wokonza makompyuta amene mphunzitsi wina anandilozera. Sanafulumire kufomata. Anayamba wandifunsa zomwe ndinachonga, ndipo mwamwayi mwana wa mchemwali wanga anali atajambula mndandanda uja pa foni pofuna kuonetsa anzake. Bamboyo anauwerenga akupukusa mutu.

Anatsegula foda yobisika yotchedwa C:\Windows\Installer n'kundionetsa kuti yatsala pafupifupi yopanda kanthu. Anandifotokozera kuti pulogalamu ikamaikidwa pa kompyuta, Windows imasunga m'menemo mafayilo a msi ndi msp, omwe imadzagwiritsa ntchito pokonza, posintha kapena pochotsa pulogalamuyo. Mayina ake ndi manambala ndi zilembo zosamveka, ndipo amatha chaka osatsegulidwa, choncho pulogalamu yoyeretsa imawaona ngati otayika. Nambala 1612 ija imatanthauza kuti Windows yasowa gwero loikira pulogalamu. Ndinamufunsa ngati tingakopere fodayo kuchokera pa kompyuta ina. Anati ayi, mayina ndi zam'kati zimasiyana pa kompyuta iliyonse, ndipo a Microsoft eniake amanena kuti m'menemo musamachotsemo kanthu.

"Achimwene, inu ndi a kunyanja," anatero. "Boti la injini mumasiyamo nkhafi chifukwa chiyani, pomwe mwezi wathunthu simuigwira? Pulogalamu yanuyi inaona nkhafi yosanyowa n'kuiponya m'madzi."

Za pirinta anati n'zofanana. Windows imasunga ma driver mu foda ya DriverStore kuti chipangizo chikasomekedwanso iwatenge m'menemo. Tsiku loyeretsa pirinta inali yozimitsa, choncho driver wake anaoneka ngati wa chinthu chomwe kulibe. Za registry, kaundula momwe Windows imalembamo makonzedwe ake ndi a mapulogalamu, anangoseka. Anati zolakwika zomwe mapulogalamu amenewa amawerenga ndi timizere tosatenga malo oti munthu n'kuwaona, kuchotsa kwake sikufulumizitsa kompyuta, koma kamzere kamodzi kofunika kakapita nawo, pulogalamu imayamba kudzikonza yokha, ndipo podzikonzapo imafuna mafayilo aja a mu Installer. Zinthu ziwirizi zinakumana pa Word yanga. Anandiuzanso kuti Microsoft inalengeza poyera kuti siivomereza mapulogalamu oyeretsa registry. Ngakhale otchuka amene, anati, si oti n'kuwakhulupirira ndi maso otseka: mu 2017 CCleaner 5.33 inagawidwa ili ndi pulogalamu yoipa yomwe akuba a pa intaneti analowetsamo, ndipo anthu oposa 2 miliyoni anaitsitsa. Imeneyo si imene ndinagwiritsa ine. Yanga inachokera pa fulashi yomwe yadutsa m'makompyuta osadziwika, zomwe n'zoopsa kuposa.

Kenako anachita chinthu chomwe chinandiwawa kuposa zonse. Anayatsa kapulogalamu kotchedwa WinDirStat, komwe sikachotsa kanthu pakokha, kamangoonetsa chomwe chadya malo. Pa sikirini panaoneka mabokosi akuluakulu angapo. Anali mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe omwe anthu ankabwera nawo kuti ndiwakoperere pa mafulashi, ine n'kumaiwala kuwachotsa. Anali opitirira 40 GB. Malo omwe ndinkawafuna anali pamenepo nthawi yonseyi, m'mafayilo omwe ndinkawadziwa mayina ndi eni ake, oti ndikanangowasamutsa popanda kukhudza Windows.

Tili pomwepo ndinamupempha andikoperere mafoda a makasitomala tisanafomate. Potsegula tinapeza ena ali opanda kanthu. Anthu ambiri kuno amandisiyira masatifiketi awo ojambulidwa, a JCE, a MSCE, a maphunziro a ntchito zamanja, amvekere "mundisungire, ntchito ikatuluka ndidzangobwera." Ambiri amanditumizira pa WhatsApp, ine n'kutsitsa, n'kukopera mu foda ya munthuyo. Ndiye kuti fayilo iliyonse inalipo pawiri, mu Downloads ndi mu Documents. Pulogalamu ija inasankha yokha kusunga ya mu Downloads n'kufufuta ya mu Documents. Ine pambuyo pake n'kukhuthula Downloads. Palibe chinadutsa mu Recycle Bin n'kukhalamo, poti nayo tinaikhuthula.

Bamboyo anayesa mapulogalamu obweza mafayilo. Mayina ena anaoneka, koma potsegula munali mopanda kanthu. Anati pa hard disk yakale ija yozungulira, chofufutidwa chimakhalapobe mpaka china chitalembedwa pamwamba pake, ndipo nthawi zambiri chimapezeka. Pa SSD pali lamulo lotchedwa TRIM, lomwe limauza SSD kuti malo a fayilo yofufutidwa ndi omasuka, iyo n'kuwapukuta yokha posakhalitsa. Ine ndinali nditagwiritsa ntchito laputopuyo masiku angapo chifufutireni. Mukazindikira kuti mwafufuta chinthu chofunika, zimitsani kompyuta nthawi yomweyo, musatsitse kanthu, musaikemo pulogalamu yobwezera pa disiki yomweyo. Pa SSD ngakhale mutatero mwayi ndi wochepa.

Tinayesa sfc /scannow ndi DISM, zomwe zimakonza mafayilo a Windows yeniyeniyo. Zinadya bando yanga ya intaneti, zinakonza zina, koma foda ya Installer sizingaibweze. Mapeto ake tinafomata. Windows 10 imafuna fulashi ya 8 GB yopanda kanthu, ndipo ndinachita kugula pomwepo. Windows inadzitsimikizira yokha itangolumikizidwa pa intaneti, chifukwa chilolezo chake chimamangidwa ku kompyutayo. Office ndiye inapitiratu, poti ndinalibe nambala yake ngakhale poitenga. Bamboyo anandiikira LibreOffice, yomwe ndi yaulere. Imagwira ntchito, koma makadi a ukwati ndi mapepala a masamu omwe ndinapangira mu Word ankatseguka atasokonekera mizere, ndipo ndinatha masabata ndikuwakonza limodzilimodzi. Mukamagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, funsani za Office musanapereke ndalama: ili pa akaunti ya ndani, nambala yake ili kuti.

Ndikaphatikiza thiransipoti ya ku Zomba, malipiro a bamboyo, fulashi, bando, ndi zomwe ndinalipira mnzanga posindikiza mayeso, zinaposa mtengo watsopano wa SSD ija ndinkaiona kudula. Apo sindinawerengere masiku omwe shopu inkangopanga fotokope yokha, makasitomala a sikana ndi kutayipa ndikuwalozera kwina. Ena mwa iwo anazolowera komweko.

Chovuta kwambiri chinali kuuza anthu za masatifiketi. Mnyamata wina anabwera akuthamanga, ntchito itatuluka, tsiku lotsekera lili pafupi. Masatifiketi ake enieni anali kumudzi ku Makanjira, ndipo foni yomwe ananditumizira nayo inabedwa kalekale. Amene akuidziwa njira ya ku Makanjira nthawi ya mvula akudziwa kuti si ulendo wopita m'mawa n'kubwera madzulo. Ndinamupatsa ya thiransipoti yopitira. Anabwera nawo tsiku litadutsa. Sanandinyoze, anangoti, "Zimachitika, bambo," ndipo mawu amenewo anandilemera kuposa akanandilalatira.

Tisanasiyane, bambo wa ku Zomba uja anandionetsa mmene ndingapezere malo popanda pulogalamu yachilendo, ndipo ndi mmene ndimachitira mpaka pano. Windows ili ndi Disk Cleanup yakeyake. Mukadina Clean up system files, imatha kuchotsa zotsalira za ma update akale, zomwe nthawi zina zimakhala ma GB angapo, ndipo imadziwa zomwe zikufunikabe. Foda ya WinSxS, yomwe anthu ambiri amaiona kukula n'kuyamba kuidula ndi manja, imayeretsedwa bwinobwino kudzera momwemo. Kukula kwake n'konyenganso, chifukwa mafayilo ambiri a m'menemo ndi omwewo a m'mafoda ena a Windows, amangowerengedwa kawiri. Foda ya Windows.old ikaoneka pambuyo pa update yaikulu, ndi njira yanu yobwerera ku Windows yakale zinthu zikavuta, ndipo imadzichotsa yokha pakatha masiku 10. Ngati malo sakukupanikizani, isiyeni.

Ngakhale mu Disk Cleanup momwemo ndimawerenga kabokosi kalikonse. Mu 2018 Microsoft inaonjezamo foda ya Downloads pa mndandanda wa zochotsa, anthu ozolowera kuchonga zonse n'kudandaula, mpaka inadzaichotsamo mu 2020. Storage Sense nayo ili ndi posankha kuti izifufuta za mu Downloads zikakhalitsa osatsegulidwa. Ine pamenepo ndinaika Never.

Pali fayilo ina yaikulu, hiberfil.sys, yomwe mavidiyo ambiri a pa YouTube amalangiza kuti muichotse polemba powercfg /h off. Imaperekadi malo. Koma ndi m'menemo momwe laputopu imasungira ntchito yotsegula batire ikafika pothera. Kwa ife amene magetsi amatithimira pakati pa tsamba, batire ili yotopa kale, ndinaona kuti fayilo imeneyo ikulipira lendi yake. Ndinaisiya.

SSD yokulirapo ndinadzagula chaka chotsatira, pamodzi ndi hard disk yakunja yomwe ndimakoperako mafoda a makasitomala Loweruka lililonse n'kupita nayo kunyumba. Mavidiyo a maukwati sagonanso pa laputopu, mwini wake akangonyamuka ndimachotsa. Mafoda omwe anapezeka opanda kanthu ndinawalemba mayina m'kope, ndipo omwe ndinali ndi nambala zawo ndinawaimbira kuti abweretse masatifiketi ndiwajambulirenso ulele. Ambiri anabwera. Ena ali ku South Africa, ena nambala zawo sizikugwiranso, ndipo mpaka lero akuganiza kuti mapepala awo ali kwa ine.